Ziwala M'chiwaya cha Abiti Asani

Titaika maliro a amuna anga, aNgozo, amene anthu a mfuti anawaphera pamsewu wa ku Ntengo-Wambalame, ndinauza amayi kuti ndikuwoloka malire. Iwo anakana kunditsata. "Pita wekha, uzikatitumizira mchere."

Ku Ntcheu ndinalowa ntchito kwa Abiti Asani, mayi wachisilamu wogulitsa mandasi. Tsiku loyamba anandiyalira malamulo: nkhumba ayi, mbewa ayi, nkhuku yosazingidwa ndi a shehe isakhudze ziwiya zawo. "Ukalakwitsa, njira ndi iyo." Ndinkagona m'khitchini, mtima uli m'mwamba. Mchere ndi sopo ndinkapatsira anthu opita kwathu. Yankho linkabwera patatha miyezi, nthawi zina osabwera n'komwe.

Mvula itatha, ziwala zinachuluka kuseri kwa nyumba. Ndinakumbuka aNgozo akuchokera kumunda, ziwala atazitunga pakaudzu, akundiitana asanafike n'pakhomo pomwe. Ndinagwira zodzaza manja n'kukazinga m'chiwaya cha mandasi. Fungo litakwera m'pamene nzeru zinandibwerera: palibe anazizinga! Basi ntchito yatha, mchere wa amayi wathera pomwepo.

Abiti anandipeza ndikubisa chiwaya kuseri kwa nkhuni.

"Naphiri, ukubisanji?"

Ndinagwada. "Pepani mayi, ndadetsa chiwaya chanu. Ziwalazi sizinapite kwa a shehe."

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Iwe! A shehe azinge chiwala chimodzichimodzi? Ndi mpeni uti? Izi n'zololedwa kwa ife, zili ngati nsomba, sizilira mpeni. Mlandu wako ndi wofuna kudya wekha. Bweretsa mchere kuno."

Tinadya awiri titakhala pansi. Misozi inanditsika.

Mfuti zitangoleka kulira ndinamanga katundu, sindinadikire ngakhale kutha kwa mwezi. Amayi ndinawapeza ali moyo, atawonda, nyumba ilibe chitseko. Munda wa aNgozo unali tchire lofika m'chiuno, ziwala zikudumpha ponseponse, zonenepa, popanda wozigwira. Ndinatula mtolo n'kuponda phazi limodzi mu udzumo. Amayi anandikoka chitenje.

"Bwerera! Muli mamina umo, mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo. AJere oyandikana nafe aja anasiya mwendo pamenepo."

Manda a aNgozo ali tsidya la udzu womwewo. Mpaka lero sindinakawasese. Ndimaima panjira, mchere uli m'nyumba, n'kumayang'ana ziwala zimene kwa eni ndinadya mwaufulu, koma kwathu kuno nthaka yandiletsa.