Kachikho ka pangodya

Pampingo aliyense amawadziwa kuti Amayi a Tizikho, moti dzina lawo lenileni mwina amalikumbukira ndi amuna awo okha. Kwa zaka makumi awiri, iwo ndiwo akhala akuthira vinyo wa Mgonero m'tizikho, n'kutitsuka anthu akabalalika. Ndi mayi wamantha osati masewera. Amaopa agalu, amaopa masitepe, ndipo pamaliro amakhala kumbuyo kwenikweni kuti asaone nkhope ya malemu.

Pathireyi yawo pali kachikho kamodzi ka pangodya komwe amathiramo theka lokha. Ndi ka Aphunzitsi, nkhalamba yopuma pantchito yomwe manja ake amanjenjemera. Akawadzazira, vinyo amathera pamalaya. Ogawa Mgonero onse amadziwa kuti kapangodyako sikakhudzidwa ndi wina.

Kale amayi a mumpingo ankayendera okalamba Lachinayi lililonse. Koma ntchito zinachuluka, anthu anasamukira kutali, ndiye akuluampingo anatsegula gulu la pafoni. M'mawa Abusa amatumiza vesi, ndipo aliyense woyankha kuti "Ameni" amawerengedwa kuti wadzuka bwino. Nsapato zinapuma, zala n'kuyamba utumiki.

Lamlungu lina, akutsuka, Amayi a Tizikho anapeza kapangodya kali ndi vinyo wake. Anathamangira Abusa omwe ankatseka ofesi.

"Abusa, Aphunzitsi sanabwere. Pa Mgonero sajomba aja."

"Musadandaule, mayi," anatero Abusa akuwaonetsa foni. "Onani, ayankha m'mawa womwe uno. Dzulonso, dzananso. Mwina angotopa."

Amayiwo anabwerera kusinki, koma manja sanagwirenso ntchito. Munthu wolephera kugwira kachikho angalembe bwanji pafoni tsiku ndi tsiku osaphonya chilembo? Anafuna kutuma wina, koma pabwalo panali patatsala mipando yokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anavula epuloni n'kunyamuka.

Aphunzitsi amakhala okha m'chipinda cha pamwamba, kuseri kwa malo okonzera magalimoto. Galu wa amakaniko anawauwa, iwo n'kudutsa chammbali akunong'ona pemphero. Masitepe achitsulo ankagwedezeka. Pamwamba anapeza makatani ali otseka dzuwa lili pamutu, ndipo thaulo lomwe linayanikidwa pakhonde linali litauma gwa. Anagogoda. Zii. Anagogodanso, akuopa kuti ayankhidwa ndi fungo.

Anaganiza zotsika, akaitane amuna anzawo a Aphunzitsi adzaone okha. Koma mkatimo munamveka kaphokoso, ngati supuni ikugunda pansi. Anakuwira makaniko wina, yemwe anakwera ndi chitsulo n'kuthyola loko.

Iwo ndiwo anayamba kulowa, maso atatsinzina theka. Aphunzitsi anali pansi pakati pa bedi ndi tebulo, mwendo utapindika moipa, milomo itang'ambika ndi ludzu, supuni ili m'manja. Maso anali otsegula, ndipo anaphethira.

"Ndinagwa Lachisanu, mwanangu," anatero ndi mawu otsalira kukhosi. "Ndimamva anthu akudutsa pansipa."

"Nanga foni yanu, bambo?"

"Anatenga mwana wanga wamkazi atabwera mwezi watha. Yake inafa. Ndinamuuza kuti aziyankhako kumpingo, angandiyese wamwano."

Makaniko anathamanga kukadzutsa galimoto. Amayi a Tizikho anakhala pansi pomwepo, n'kuika mutu wa nkhalambayo pamiyendo pawo. Anatunga madzi m'kapu, theka lokha, ndi kuwamwetsa pang'onopang'ono.

M'chikwama cha Amayiwo foni inalira. Abusa anali atalemba pagulu kuti, pofuna kukhazika mtima pansi mayi wina wodandaula, Aphunzitsi atsimikize ngati ali bwino. Amayiwo akuyang'ana chomwecho, yankho linalowa pansi pa dzina la munthu amene anali pamiyendo pawo.

"Ameni."