Nambala ya Nyumba ya Eni

Ndinaganiza zochoka ku Chikwa chaka chomwe njovu zinatha chimanga chathu chisanakhwime. Njala yokha sikanandithamangitsa, poti m'chigwa cha Luangwa tinaizolowera. Chinandinyamula ndi mwana wanga Yotamu. Sukulu inali kutali, kowoloka mitsinje, ndipo dzinja likafika palibe mwana ankapondako. Ine sindidziwa kulemba ngakhale dzina langa, Goma, choncho ndinalumbira kuti mwanayu sadzadinda chala pa pepala ngati ine. Tinayenda pansi mpaka ku Lundazi, ine, mkazi wanga Nyazimba ndi mwanayo, kenako lole, kenako basi ya ku Lusaka.

Ntchito ndinaipeza msanga, yopatsira njerwa kwa kontilakita. Nyumba ndiyo inavuta. M'lokeshoni, pafupi ndi tauni, munali tinyumba ta manambala, mpopi wa madzi ndi sukulu, koma ankapatsa okhawo a ntchito yokhazikika. Kunja kwa tauni, pa famu ya mzungu wina, munthu ankalipira pang'ono n'kudzimangira ya dothi. Tinamanga kumeneko. Nyazimba anadzala maungu, anaweta nkhuku, mpaka nkhope yake inayamba kusalala.

Koma nditapita ndi Yotamu ku sukulu ya m'lokeshoni, funso linali limodzi: nambala ya nyumba. Wopanda nambala sankalembedwa. Ndinabwerera chaka chotsatira, funso lomwelo. Mwana akukula, ndipo ankati wopitirira msinkhu samulandiranso. Ndinkamanga nyumba za anthu tsiku ndi tsiku, ine wopanda khomo loti n'kulitchula. Mtima unkandiwawa mpaka chakudya chinkandikanika.

"Awisi Yotamu," anatero Nyazimba, "kuno tili ndi pogona, tili ndi dimba. Manje mufuna chiyani china?"

"Dimba tinali nalo kwathu," ndinamuyankha mokalipa.

Ku tchalitchi ndinadziwana ndi a Phiri, mesenjala wa mu ofesi. Anali ndi nyumba ya nambala, koma iwo ndi akazi awo analibe mwana. Anati Yotamu akakhale kwawo, alembedwe ngati wawo, ife tizidzamuona Lamlungu. Nyazimba anakana, analira, ananditchula mfiti. Ine ndinaumirira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinatero, ngati kuti m'mimba mwake munalibe kanthu.

Tinapangana kuti pamaso pa anthu mwanayo azinditchula amalume, kuopa akapitawo a m'lokeshoni. Poyamba ankaseka akamatero. Anaphunzira kuwerenga, anavala nsapato, Chisenga, chilankhulo cha kwathu, chinayamba kumulemera pakamwa. Akapezeka munthu wopita kwathu ndinkatumiza bulangete kapena mchere, ndi uthenga woti mwana akuphunzira bwino. Zoti akuphunzira ndi dzina la Phiri sindinatumizepo. Lamlungu lina tili awiriwiri ndi Yotamu m'nyumba ya a Phiri, chitseko chotseka, anandipatsa madzi n'kunena kuti, "Imwani, amalume." Sanaseke. Ndinamwa madziwo n'kuuyamba ulendo wobwerera ku famu.

Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndikanatani. Kunja kunali malo opanda sukulu, m'kati sukulu yopanda malo athu. Anzanga ena anasankha dimba, ana awo n'kukulira kuotcha makala. Ine ndinasankha sukulu.

Kenaka zonse zinagwa pamodzi. Kontilakita anamaliza zomanga n'kutichotsa, ndipo famu ija inagulidwa ndi wina amene anati nyumba zathu zigwetsedwe. Ndinazungulira tauni yonse kufuna ntchito mpaka tinagulitsa nkhuku yomaliza. Tinapita kwa a Phiri kukatenga mwana kuti tibwerere kwathu.

"Mukamutenga manje, akapitawo adziwa kuti ndinanama, andilanda nyumba," anatero a Phiri. "Ndipo kwanuko akaphunzira chiyani, a Goma? Kuingitsa njovu?"

Nyazimba anagwada pansi, mayi kugwadira mwana wobala yekha. "Yotamu, tiye kwathu, mwana wanga."

Mnyamatayo anayang'ana nsapato zake. "Mayeso ali pafupi," anatero motsitsa mawu.

Ndinalibe mphamvu yomukoka, ndinalibenso ndalama ya mlandu. Tinakwera basi tili awiri okha. Nyazimba sanandilankhule mpaka ku Lundazi, ndipo ngakhale kumeneko anangopempha madzi.

Tikulowa m'mudzi mwathu, ndinamva ana akuimba mawerengo. Pafupi ndi munda wa mkulu wanga panali nyumba yaitali ya mitengo ndi udzu imene sindinaisiye. Anthu anaimanga okha ife titachoka, amishoni n'kutumiza mphunzitsi. Palibe ananditumizira uthengawo, poti onse ankadziwa kuti mwana wa Goma akuphunzira sukulu ya m'tauni.

Tisanatule n'komwe katundu, mphunzitsiyo anabwera kudzatilonjera. Anali mnyamata waulemu, wa fumbi la choko m'manja. Anadandaula kuti mabenchi ndi opanda anthu, makolo akutsekereza ana ku minda, ndipo anawo akapanda kuchuluka sukuluyo aitseka.

"Ndimayenda khomo ndi khomo kupempha ana," anatero. "Sitifunsa kanthu, angobwera. Kodi inu, bambo, mulibe mwana wa msinkhu wa sukulu?"

Nyazimba ndiye anayankha, maso ali pa ine.

"Tinabala mmodzi, aphunzitsi. Awa anakabwereketsa."