Cholembera Chosapweteka Chala

Pachala changa chapakati, dzanja lamanja, pali kachigamba ka khungu kolimba ngati chidendene. Ndinakatenga ku esiteti ya fodya komwe ndinali kalaliki, ndikulemba masikelo a matenanti kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndi timapeni topyapyala tija todya chala. Esiteti itayamba kuchepetsa anthu, anayambira ife ogwira cholembera. Ndinabwerera kwa Mavwere, kumudzi kwa mkazi wanga, wopanda china chosonyeza kuti ndinagwirapo ntchito kupatula chala chimenechi.

Amene sanakhalepo pachikamwini asandiuze kanthu. Munda ndi wa apongozi, nkhokwe ndi ya mkazi, ana ndi a atsibweni awo. Chako ndi khasu ndi msana basi. Anthu a mkazi wanga sanali oipa ayi, koma ankandiona ngati tambala wobwereka. Kumunda alamu anga sankalephera kundiponyera mawu. "Akalaliki, mzere uwu mwaukhotetsatu. Tikubweretsereni rula?" Ndinkaseka nawo, mumtima mukuwira. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: kutenga mkazi wanga chitengwa pamodzi ndi ana athu awiri, tikakhale patokha pomwe ndingatsokomole osayamba ndayang'ana uku ndi uku. Nditakapempha, atsibweni a mkazi wanga, omwe analinso nkhoswe yake, anandiyankha bwinobwino. "Ife sitikaniza. Mukapeza nyumba ndi chodyetsera mwana wathuyu, mudzabwere tidzakambirane."

Inali nthawi imene matipate anali atangofika kumene, aliyense wasanduka venda. Wina mabatire, wina kaunjika, wina mankhwala a makoswe. Tsiku lina ndinaperekeza mnzanga ku Chipata kukapikula zitenje, ndipo m'sitolo ya Mmwenye wina, pafupi ndi makope, ndinachiona. Chinali cholembera chonenepa pakati, pogwirira pake pali kalabala kofewa ka mbali zitatu, mbali iliyonse ili ndi kadzenje kokhalamo chala. Ndinapempha kuyesa pachidutswa cha katoni. Abale inu, chala changa chinakhala pansi ngati munthu amene waima tsiku lonse kenako n'kupatsidwa mpando. Ndinalemba dzina langa, ndinalembanso, mpaka Mmwenye uja anandifunsa ngati ndabwera kudzagula kapena kudzalemba mayeso.

Ndinagula chimodzi n'kukamuonetsa mkazi wanga. Anachitembenuzatembenuza ndi manja ake olimba ndi mpini aja.

"Ndiye mukuti cholembera chimapweteka?"

"Chimapweteka. Taonani chala ichi."

Anaseka mpaka misozi. Atatha kuseka anayang'ana matumba a mtedza omwe anali pakona. Unali mtedza wa m'munda mwake, umene ankati adzagulira mbuzi. "Ngati kanthu aka ndi komwe kadzatitulutse pano, tengani," anatero. Ndi pamene ndinadziwa kuti nayenso anali atatopa kukhala khomo loyang'anizana ndi amayi ake.

Ndinagulitsa mtedzawo n'kukapikula zolembera zija ku Chipata, koma kumudzi malonda sanayende. Alimi ndikawauza za chala chopweteka ankangondionetsa zikhatho zawo, ine n'kugwidwa manyazi. Ndiye ndinapita kuboda ya Mchinji, n'kupeza kachipinda ka lendi kuseri kwa golosale, n'kuika katebulo m'mbali mwa njira yopita kumaofesi. Kumeneko ndi komwe kunali anthu anga: maejenti okonzera mathiraki mapepala a katundu, amene amalemba tsiku lonse mokanikiza kuti zilembo zidutse pakaboni mpaka pepala lapansi. Sindinkafuula ngati mavenda anzanga. Ndinkangomuonetsa munthu chala changa, iye n'kuyang'ana chake, kenako n'kumupatsa cholembera kuti ayese. Akalemba mzere umodzi dzanja linkapita lokha m'thumba, ngakhale mtengo wake unali wogulira timapeni wamba todzaza dzanja.

Zinthu zinayamba kuyenda. Anyamata osintha ndalama nawonso anayamba kugula, osati chifukwa amalemba, koma kuti chizioneka pathumba la shati. Ndinagula njinga n'kumazungulira m'maofesi kuboma, mwina mpaka ku Kamwendo tsiku la msika. Kumudzi ndinkafika ndi shuga ndi sopo, ndipo nkhani ya rula ija inazilala yokha. Tsiku lina ndinamukweza mkazi wanga pakeliyala kukamuonetsa nyumba ya malata ya zipinda ziwiri, pafupi ndi mjigo, imene mwini wake anati wa lendi adzatulukamo mvula ikatha. Anasuzumira pawindo nthawi yaitali. Pobwerera, njira yonse ankandiuza pomwe padzakhale kabati ndi pomwe azidzakazingira mandasi ogulitsa.

Chimene chinkandisangalatsa kwambiri n'chakuti ogula ankabweranso omwewo. Munthu wagula lero, sabata isanathe ndi uyu wabweranso. "Achimwene, mapeni anuwa ali ndi miyendo," ankatero. Paboda aliyense ayenera kulemba, kaya ndi dalaivala, kaya ndi mayi wopita kumaliro kutsidya, ndipo palibe amene amayenda ndi cholembera. Kwathu kuno cholembera chili ngati moto. Wodzapala moto sumumana, ndipo sumulonjerera kuti abweze khala lako. Kapeni kotafunidwa kumutu munthu amabweza, nanga akatengerenji? Koma changa chikangofika m'manja mwa wobwereka, chala n'kumva kukoma, chinkalowa m'thumba mwini thumba osadziwa n'komwe. Ine ndinkasekera mumtima. Chilichonse chosowa kwa ine chinali malonda a mawa.

Ndiye ndinaganiza zokula. Mmwenye uja anati akhoza kundiitanitsira katoni yathunthu pamtengo wabwino. Ndinagulitsa njinga, mkazi wanga anaperekanso mtedza wa chaka chimenecho amayi ake akung'ung'udza, ndipo katoni inabwera, yolemera moti tinanyamulirana awiri. Ndinaiika kumutu kwa mphasa yanga, ndipo ndikadzuka ndinkayamba ndaigwira kaye ndisanasambe m'maso.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ejenti wina wamkulu thupi, amene ankagulira onse a muofesi mwake, anandiitana m'mawa wina. Anandilozera kapeni kotchipa, kotafunidwa, komangiriridwa kumwendo wa tebulo ndi ulusi wa thumba la feteleza.

"Achimwene, peni yanu ndi yabwino. Vuto lake ndi lomwelo."

"Nanga chala, bwana?"

"Bola chala chipweteke. Ndatopa kugulira peni Malawi yense ndi Zambia yemwe."

Ndinkayesa nthabwala. Koma paboda nkhani imayenda msanga kuposa mathiraki, ndipo pasanapite nthawi tebulo lililonse linali ndi kapeni kake kapachingwe ngati mbuzi ya m'dzinja. Amene anali akadali nacho changa anachisiya kunyumba, ndipo inki ikatha ankazula kachubu m'kapeni kotchipa n'kulowetsamo. Ndinayesa zonse. Ndinatsitsa mtengo. Ndinayamba kuzokota dzina la wogula ndi lezala, koma wobwereka sawerenga dzina. Ndinatembenukira kwa madalaivala, poti ndiwo ankaoneka kuti akuzikonda. Wina wa ku Zambia anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapisa m'thumba.

"Nigule ya chani, mudala? Nili nayo kudala."

Chinali changa chomwe, dzina la ejenti wina lili pompo, lozokota ine ndemwe. Zolembera zanga zinali paliponse, m'matumba a makondakitala, kukhutu kwa ogula mbewu, ngakhale kutchalitchi ndinachiona m'manja mwa mlembi wa mpingo. Katundu wanga anali atafika kutali kuposa momwe ndinalotera, koma wogula panalibe. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zikandibwerera ndimatukwana chamumtima.

Mvula inagwa ndili paboda. Mkamwini nthawi ya dzinja malo ake ndi kumunda, zimenezo ndinkazidziwa, koma katoni ndikanaisiyira ndani? Mmenemo munali mtedza wa mkazi wanga. Kubwerera nayo kumudzi kunali kukauza alamu anga kuti atulutsenso rula. Ndinakhala, ndikuti mwina mwezi ukatha zisintha. Nyumba ya pamjigo ija analowamo wina. Kachipinda kanga kanali ka malata otsika, masana kotentha ngati uvuni, ndipo zolembera zinayamba kufera m'katoni momwemo. Zina inki inauma, zina inadontha, timalabala tija n'kuyamba kumata m'manja. Chilichonse ndisanamuonetse munthu ndinkayamba ndachikwecha kunsi kwa nsapato kuti chilembe.

Mkazi wanga anabwera kamodzi ataonda, mwana wamng'ono ali kumsana. Chaka chimenecho kunali njala. Anaima pambali pa katebulo kanga. Tili choncho panafika bambo wina wachikulire, fomu ili m'manja, thukuta lili kamukamu, basi yake ikuliza hutala.

"Mwana wanga, tandibwerekako cholembera."

Ndinawapatsa. Analowa muofesi, ndipo tinawaona akutulukira khomo lina n'kukwera basi.

"Inunso?" mkazi wanga anafunsa.

"Nanga munthu wamkulu ngati uja n'kumumana cholembera?"

Anakonza mwana kumsana. Anangoti udzu wakula m'munda ndipo yekha sangathe, ndibwere tikapalire. Ndinati ndibwera mwezi ukatha. Mwezi unatha, unzake unathanso. Ndinalibe ngakhale paketi ya shuga yolowera nayo m'mudzi, ndipo mkamwini wobwera chimanjamanja chaka cha njala ndi pakamwa pongowonjezera. Anthu amati ndikanangopita. Mwina n'zoona, koma onena zimenezo sanaonepo momwe apongozi amayang'anira m'manja mwako usanapereke ndi moni yemwe.

Uthenga unandipeza anthu atakolola, wakuti ankhoswe akundifuna. Pamenepo n'kuti m'katoni mwatsala zakufa zokhazokha. Mkulu wanga, yemwe anali nkhoswe yanga, anachokera kwathu kwa Zulu panjinga, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi. Panalibe kukalipa. Bola akanandikalipira. Atsibweni aja analankhula mofatsa ngati tsiku lija ndinapempha chitengwa.

"Sitikukuthamangitsani, bambo. Koma mwana wathuyu wasanduka mbeta mwamuna ali moyo. Wanena yekha kuti watopa."

Ndinamuyang'ana mkazi wanga. Anali atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, akuyang'ana zala zake.

"Ndadikira, abambo ake," anatero. "Mtedza sindikuufuna. Mungondimasula."

Anagwirizana kuti ndilembe kalata yomusudzula, kuti wina akadzabwera pasadzakhale mlandu. Alamu anga anang'amba pepala m'kope la mwana wasukulu. Kenako anayamba kufunsana kuti cholembera ali nacho ndani. Uyu anati chake chinabwerekedwa, uyo anati chake chinatha inki. Maso onse anatera pathumba la shati yanga, pomwe panali chimodzi chimene ndinkasungira kuonetsa ogula, chokhacho chimene chinkalemba osachikwecha.

Ndinalembera pabondo. Chinalemba bwino zedi, osadumpha ngakhale chilembo chimodzi, ndipo chala sichinapweteke.

Mkulu wanga anasaina. Atsibweni anatambasula dzanja. "Tatibwerekani timalize." Analemba dzina lawo pang'onopang'ono, lilime lili panja, kenako anachikweza m'mwamba n'kumachifinyafinya pogwirira paja.

"Koma ndiye n'chofewatu, akalaliki. Nanga zabwino chonchi zinakanika bwanji?"

Anapinda kalata n'kupereka kwa mkazi wanga, cholembera n'kulowetsa m'thumba la jekete, atayamba kale kufunsa mkulu wanga momwe anthu akololera kwa Zulu. Sanabe ayi, sanadziwe n'komwe chimene dzanja lawo lachita. Amene tinaona ndi ine ndi mkazi wanga. Iye anayang'ana thumba la jekete lija n'kubwezera maso pakalata. Inenso sindinalonjerere.

Pa zobwereka zonse za zaka zimenezo, chimene chinabwezedwa kwa eni ake ndi ine ndekha. Mkulu wanga anamangirira chikwama changa pakeliyala. Ana anatiperekeza mpaka pomwe minda ya amayi awo ithera, ndipo kuchokera pamenepo tinapitiriza awiri, tikukankha njinga.