Kumene Akhwangwala Safika

Mayi Shakuntala Sawant sadziwa kukhala pansi. Anzawo a ku Lalbaug, kuno ku Mumbai, amati ngakhale pa ukwati wawo womwe adadzuka kukaona ngati mpunga wapsa. Zaka zawo zonse adazithera pophikira amuna ogwira ntchito kufakitale ya nsalu, m'kachipinda kamodzi komwe kanali kogona, kophikira ndi kodyeramo, chitseko chili chotsegula tsiku lonse. Amuna awo, a Dattaram, ankadya limodzi ndi anzawo aja, ndipo ndiwo ankatsogolera kudandaula kuti mchere wachepa.

Fakitale idatsekedwa kalekale. Pamalo pake padamera chinyumba chagalasi, chachitali moti mitambo ya mvula imadutsa m'chiuno mwake. Mwana wawo Milind, yemwe sukulu idamuyanja, adagula nyumba momwemo, pansanjika ya makumi anayi ndi zinayi. Adawanyengerera makolo ake kuti asamukire kumeneko, koma a Dattaram adakana kwamtuwagalu.

"Ine kumwamba ndidzapita kamodzi kokha," adatero.

Adapitadi chaka chatha. Mdadada wa tizipinda momwe ankakhala udagwetsedwa, ndipo Milind adawatenga amayi ake.

Kumwambako kulibe chosowa. Makatani amatseguka okha, mbale zimatsukidwa ndi makina, wophika alipo. Ndiye manja a mayi Shakuntala agwire chiyani? Amachoka kukhitchini kupita pakhonde, kuchoka pakhonde kubwerera kukhitchini, kupukuta tebulo lopukuta kale. Adayesa kusiya chitseko chotsegula monga kwawo, koma chitsekocho n'chamwano, chimadzitseka chokha. Adayanika sari, nsalu yawo yovala, pakhonde, a komiti ya nyumbayo n'kuimba foni kuti zikuwononga maonekedwe. Mnansi wa khomo loyang'anizana nalo samudziwa dzina, amangodziwa kukuwa kwa galu wake. Milind akawafunsa madzulo, yankho limakhala lomwelo: "Ndili bwino, mwanawe."

Idafika nyengo ija timadyetsa akufa athu. Mpunga umaikidwa patsamba la nthochi panja, ndipo khwangwala akajompha, ndiye kuti malemu adya, amoyo angathe kudya nawonso. Akakana, malemu ali ndi kanthu kumtima, ndipo abale ayenera kukatchula. Aka kanali koyamba kuwadyetsa a Dattaram. Mayi Shakuntala adamuthamangitsa wophika, n'kuphika okha mpunga, mphodza, phala lamkaka ndi tizitumbuwa, mchere wake wotseka pakamwa munthu wodandaula.

Khonde lonse ndi lokutidwa ndi ukonde wotchinga nkhunda. Adaudula pakona ndi sizasi, adaika tsamba lija, n'kuyamba kuitana.

"Khwaa! Khwaa! Bwerani!"

"Amayi, tsitsaniko mawu," adatero Ketaki, mkazi wa Milind. "A komiti atiimbiranso."

"Aimbe! Mwina iwowo ndiye abwera kudzajompha."

Adadikira. Mphepo idaumitsa mpunga pamwamba. Mlengalenga munali mbee, kupatula ndege imodzi yopita kwina. Dzuwa lidafika paliwombo, m'nyumba monse palibe adalawa kanthu, ndipo Milind ankangoyang'ana foni yake.

"Amayi, kunena zoona khwangwala afika bwanji kuno? Ngakhale udzudzu sufika."

"Ndiye bambo ako agone ndi njala chifukwa iwe udagula nyumba kumitambo?"

Munthu amene adamuphikira moyo wawo wonse osamugoneka ndi njala ngakhale nthawi ya sitalaka, lero alephere kumudyetsa m'nyumba yodzaza chakudya? Adanyamula tsamba lija ndi manja awiri n'kulowa m'chikepe chotsikira pansi, opanda nsapato. Milind adawathamangira, tayi ili paphewa.

Pansi pali kapinga wometedwa bwino ndi dziwe losambiramo. Mayi Shakuntala atangowerama kuti aike tsamba, mlonda wina dzina lake Tiwari adatulukira.

"Pepani mayi, pano ayi. Mbalame sitidyetsa, zimaipitsira magalimoto a mabwana."

"Mbalame ndani? Awa ndi amuna anga!"

Tiwari adayang'ana tsamba lija, adavula chipewa, n'kutsitsa mawu. "Ngakhale ndikuloleni, pano sabwera. Zinyalala zonse zimatsekeredwa. Tulukirani geti lakumbuyo, kumsika wa nsomba. Ine bambo anga ndidawadyetsera komweko dzana."

Kuseri kwa mpanda kuja kudakali Mumbai wakale, wa fungo ndi phokoso. Akhwangwala adali mbwee pakhoma. Mayi Shakuntala adaika tsamba pamwala n'kubwerera m'mbuyo. Mbalame zidapendeketsa mitu, kuyang'ana ndi diso limodzi, koma palibe idatsika.

"Shaku! Ndiwe kodi?" Adali Indu, wogulitsa nsomba, mnzawo wa pampopi wa ku Lalbaug. "Ife timati udakwera kumwamba wamoyo!"

"Usandiseke, Indu. Taona akukana."

Indu adapukuta manja, n'kuyang'anitsitsa khoma. "Ali ndi mawu achikulirewo. Iwe wa tayi, usangoima ngati mtengo wa magetsi. Lonjeza!"

Milind adaphatikiza manja, thukuta lili kamukamu. "Bambo, amayi ndiwasamala. Sadzasowa kanthu."

Khwangwala wina adadzikanda m'khosi.

"Nyumba ya kumudzi ndidzafolera. Mwana akadzabadwa ndidzamutcha dzina lanu," adaonjezera Milind.

Zii. Anthu adayamba kuunjikana, aliyense ndi nzeru zake. Wina adati mwina malemu ankafuna fodya. Mayi Shakuntala adayenda uku ndi uku, mapazi akupsa ndi phula, mpaka mkwiyo udawakwera. Adaima kutsogolo kwa khoma, manja m'chiuno, monga ankaimira pakhomo a Dattaram akachedwa kubwera.

"Inu bambo ake a Milind, mukundichititsa manyazi pagulu! Mchere ndathira. Kumwamba mudakana, ndatsika. Mukufunanso chiyani? Ndinene? Chabwino, sindili bwino! Tsiku limatha osamva munthu akunditchula dzina. Ndimasuzumira pansi kufunafuna pomwe panali khomo lathu, osapapeza. Mwana wanu ndi wabwino, wandipatsa zonse, koma ine ndikufota kumeneko. Mwamva tsopano? Idyani!"

Milind adazyolika. Mawu amenewo anali asanawamvepo, ndipo adamulasa kwambiri chifukwa adawamvera pamsewu, akuuzidwa munthu wakufa.

Khwangwala m'modzi wothothoka nthenga m'khosi adatera pamwala. Adayenda chammbali, adajompha mpunga, adasiya phala lotsekemera, n'kunyamula chitumbuwa chamchere. Adauluka chapansipansi kulowera ku Lalbaug, osayang'ana n'komwe chinyumba chagalasi chija.

"Ndi iwowo basi," adatero Indu akuseka, uku akupukuta m'maso. "Shaku, mawa ubwere udzandithandize kupala nsomba. Atsikana a masiku ano manja ndi aulesi."

Mayi Shakuntala adakhala pabokosi la nsomba lopanda kanthu, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chino sadafulumire kudzuka. Milind adavula nsapato zake n'kuziika pafupi ndi mapazi awo.

"Amayi, bwanji simudandiuze?"

"Udagula ndi mtima wabwino. Ndikadakuuza bwanji?" Adakweza maso, kuyesa kupeza khonde lawo pakati pa magalasi ofanana aja, koma adalephera. "Tamvera, Milind. Nthawi yanga ikadzafika, usadzataye nthawi kundiitana pakhonde paja. Udzatsike nawo mpunga kuno. Ine kumeneko sindidzakweranso."