Nsapato Zakuda ndi Nyimbo za Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anamwalira, ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ntchito yawo inali yotaipa makalata pa kompyuta, m'kachipinda kena pafupi ndi msika wa Katete. Abale awo atabwera kuchokera ku Vubwi kudzagawa katundu wa malemu, anatenga zitenje, mapoto, ngakhale sopo wotsala. Kompyuta yokha anaisiya, poti kumudzi kunalibe magetsi. Sanadziwe kuti amayi ankadzijambula mawu m'menemo akamaphunzira nyimbo za kwaya. Munali nyimbo zisanu, kutsokomola kwawo, ndi pena pamene anadukiza nyimbo n'kukalipa kuti, "Iwe Misozi, tseka chitseko!"

Atate anali kalipentala, ndipo kompyuta ankaiopa ngati njoka. Koma Lamulungu lililonse tikabwera kuchokera ku tchalitchi ankakhala pampando wawo n'kundiuza kuti, "Tayatsa amako." Amalume a ku Vubwi atamva za nyimbozo anapempha kuti tiwakopereko pa foni yawo, atate n'kukanitsitsa. "Zonse munatenga. Izi n'zanga."

Tsiku lina kompyutayo inangoti zii. Atate anaimangirira pa njinga, n'kundituma kwa a Sakala, okonza makompyuta kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Pondipatsa ndalama anati zikatsalako ndigule nsapato. Zanga za kusukulu zinali zitayasama, moti anzanga ankandifunsa ngati ng'ona zangazo ndazidyetsa kale.

A Sakala anatsegula bokosilo n'kuloza chimbale chobiriwira chimene zipangizo zonse zimalumikizidwapo.

"Yafa ni mazabodi," anatero. "Disiki ili bwino, nyimbo za amai ako zilimo. Manje ona. Iyi bodi ni nyowani, koma niyodula. Iyi inangu niyochipa, inasebenzapo kudala, ona tumigolo utu twatupa. Malaiti yakavuta ingapse, ingapite na disiki yomwe. Yenda ukauze atate asankhe."

Kunyumba sindinapite. Ndinazungulira msika, ndinaima nthawi yaitali pamene ankagulitsa nsapato za salaula, zovalidwapo kale, maso ali pa zakuda zina za lamba. Kenako ndinabwerera n'kunama nkhope ili gwa. "Akuti muike yotchipayo."

Atate atafunsa zimene okonzawo ananena, ndinati mabodi onsewo n'chimodzimodzi. Anayang'ana kumapazi kwanga n'kumwetulira. "Zakukhala, mwanawe. Amako akanakondwa."

Amayi anatiimbiranso miyezi iwiri. Kenako linafika Lamulungu lina masana, mvula yoyamba ikusonkhana kumapiri. Anali pakati pa nyimbo yachitatu, pamene amakweza mawu. Getsi linaphethira kawiri, m'bokosimo munamveka kuti phu, ndipo fungo la pulasitiki wopserera linadzaza nyumba. Atate sanadzuke pampando. Anakhala choyang'ana sipika mpaka mvula inakata, ngati akudikira munthu amene wangotuluka pang'ono.

M'mawa mwake a Sakala anabwera okha. Anatulutsa disiki, anainunkhiza, anapukusa mutu. Anandiyang'ana ine, anayang'ana nsapato zanga. Koma anangoti, "Pepani mdala. Na yodula nthawi zina imapsa." Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena zoona kapena ankangondiphimba.

Nsapatozo ndinazivala zaka ziwiri, poti zina kunalibe. Tsiku lililonse pomanga lambayo ndinkamva fungo lija.

Ndinaulula nditakula kale, atate akupala thabwa pansi pa mtengo wa mango. Anapitiriza kupala kwa kanthawi, kenako anati, "Ndinadziwa. Chenji chinachuluka." Ndinayamba kulira, koma anandiletsa. "Iwe unali mwana wopanda nsapato. Ine wamkulu ndi amene ndinamana amalume ako. Kupatsa n'kuika, mwanawe. Ndikanawapatsa, bwenzi amako akuimba ku Vubwi."

Tsopano ndikuzindikira kuti tinalakwa awiri. Ine ndinasankha bodi ndikuyang'ana mapazi anga, osaganiza za chimene inanyamula. Atate anasunga chinthu chosagulika pamalo amodzi chifukwa cha mkwiyo wa pamaliro. Kudziwa zimenezi sikunandichotsere chisoni. Nyimbo zisanu zija ndinaziloweza zonse, liwu ndi liwu. Koma mvula yoyamba ikamasonkhana ndimatseka maso kuti ndimvenso "Iwe Misozi, tseka chitseko," ndipo mawu amene amabwera ndi anga, osati a amayi.