Tsiku Limene Ndinauza Apongozi Kuti Andiyang'ane

Zaka zisanu ndi zinayi ndinakhala nyumba imodzi ndi mwamuna wa mwana wanga, koma mukanandifunsa kuti nkhope yake ndi yotani, ndikanakuuzani za nsapato. Nsapatozo ndiye ndinkazidziwa bwino: majombo akuda a kuntchito, ndi zofiirira za kutchalitchi zopindika chidendene.

Kwathu ku Dedza, mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo mawu awo amadzera mwa munthu wina. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Si chidani ayi, ndi ulemu. Koma ku Silverton kuno tchire mulipeza kuti? Tikukhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa galaja, khomo limodzi. Ndiye tinapeza njira yathu. Iwo akafika pakhomo amatsokomola kawiri, ine n'kulowa kuseri kwa nsalu yotchinga. Akafuna kundiuza kanthu amati kwa mkazi wawo, "Auzeni amayi," ine ndili pomwepo ndikumva zonse. Ngakhale mpango wofiira umene anandigulira pa Khirisimasi ina unadzera m'manja mwa mwana wanga. Mdzukulu wanga wamkazi, wobadwira ku Joni konkuno, amangoseka. Akuti m'nyumba mwathu mayi ake ndiwo foni.

Apongozi angawa amagwira ntchito ku Lynnwood, m'gulu la anthu osamalira maluwa ndi kudulira mitengo m'makomo a anthu olemera. Pagulu lonselo, wokwera mitengo anali iwo. Tsiku lina nthambi ya jakaranda inathyoka ali pamwamba, anagwa, mwendo n'kuthyoka. Anakhala pakhomo miyezi inayi. Fupa linagwirana bwinobwino, koma akaponda makwerero, asanafike n'pakati pomwe mawondo ankayamba kugundana. Izi anandiuza mwana wanga tikuchapa, motsitsa mawu. Bwana wawo anayamba wapirira, n'kuwapatsa ntchito yosesa masamba. Kenako ananena poyera kuti osesa ali nawo okwanira, akufuna wokwera. Lolemba kunali ntchito ya mitengo yaitali, ndipo akalephera kukwera, atenga munthu wina.

Mwana wanga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Lynnwood komweko, ndipo anamva kwa ana a pakhomopo za malo ena kumene anthu amayenda pamwamba pa mitengo atamangidwa zingwe, moti ngakhale uterereke sugwa. Anauza amuna ake kuti Loweruka tipite kumeneko, tikasangalatse mwana poti wakhoza mayeso. Iwo anavomera. Tonse tinkadziwa chimene tikupitira, koma palibe anachitchula.

Ine ndinanyamula dengu la mbatata yophika, nkhuku ndi tiyi. Titatsika minibasi n'kulowa pachipata, ndinaseka ndekha. Kwathu mwana akakwera mtengo timamuthamangitsa ndi kamtengo, kuno makolo amachita kumuperekeza. Mitengo yake ya bulugamu, yaitali zedi. Pa thunthu lililonse anamangapo nsanja ya matabwa ngati yoingitsira anyani kumunda, ndipo kuchoka nsanja iyi kufika inayo kuli mawaya ndi timatabwa tolendewera, kuti munthu aziponda kamodzikamodzi.

Mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo anawaveka atatuwo malamba m'chiuno ndi m'ntchafu, zisoti kumutu, ndi ngowe yachitsulo yokoleka pa waya. Analongosola m'Chizungu, mwana wanga n'kumanditanthauzira, kuti ngoweyo imangopita kutsogolo, kubwerera ayi, ndipo pa timatabwa pamayenda munthu mmodzi basi. Mdzukulu anati nanenso ndikwere. Ndinati ine mitengo ndinamaliza nayo pa nthawi ya masuku, ndisanathe msinkhu. Ndinayala chitenje pansi n'kukhala, maso kudengu.

Anayamba mdzukulu, kenako mayi ake, apongozi pambuyo. Ine ndinkawatsata ndi makutu. Nsanja zoyamba zinali zam'munsi, ndipo ndinamva ngowe yawo ikulira pa waya, pang'onopang'ono koma ikupita. Mdzukulu ankakuwa, "Eish, Gogo, ndikuona mpaka kutauni!" Mwana wanga anali ataganiza zokhala pafupi ndi amuna ake, koma mdzukuluyo anathamanga, n'kutsetsereka pa waya wautali wowolokera kutsidya la kakhwawa. Mayi ake anamutsatira, poti mayi sangasiye mwana m'mwamba yekha. Mawu awo anazimiririka kuseri kwa mitengo.

Kenako ngowe ya apongozi inasiya kulira.

Ndinadikira. Anthu amene anali pambuyo pawo anayamba kung'ung'udza. Mtsikana uja anaima pansi pa mtengo n'kumawalankhula mofatsa. Ndipo ine ndinachita chimene sindinachitepo, ndinakweza maso. Anali pa nsanja yachinayi, pamwamba kuposa denga la tchalitchi chathu, atakumbatira thunthu ndi manja onse awiri, tsaya litagunda khungwa. M'munsi mwa chisoti munali imvi. Zaka zonsezo sindinkadziwa kuti mwana wa eniakeyu wayamba imvi m'nyumba mwanga momwemo.

Mtsikanayo anayamba kumasula chingwe chachitali paphewa pake. Chizungu sindimva, koma manja ndimamva: ankafuna kukwera kuti awatsitse. Ndinaona m'mutima mwanga atalendewera ngati thumba la chimanga, anthu akuonerera, ndipo ndinadziwa kuti akatsika chotero, Lolemba latha. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mwana wanga kulibe, mdzukulu kulibe. Womutuma mawu panalibe.

Ndinadzuka n'kumukwezera dzanja mtsikana uja kuti ayambe wadikira. Anandiyang'ana, n'kuima. Ndinafika pansi pa mtengo. Ndinakumbukira malemu mayi anga, amene anamwalira osamvapo mawu a bambo a ana anga akulankhula nawo maso ndi maso. Ndinati andikhululukire.

"Apongozi."

Kenako kamawu kakang'ono kanatsika. "Pepani, amayi."

"Musapepese. Mpango uli kumutu kwangawu mukuuona?"

"Ndikuuona."

"Anagula ndani?"

"Ndine, amayi."

"Ndiye ndi wanu, uyang'aneni. Pansi musayang'anepo, palibe chanu pansipa. Ine ndiziyenda, inu muzinditsata."

Anati miyendo yakana. Ndinawafunsa kuti miyendo iti, yomwe ija inawachotsa ku Dedza, kudutsa mayiko a eni mpaka kufika ku Joni? Imeneyo ikane timatabwa? Nditatero ndinatembenuka n'kuwapatsa msana. Ndinati ngati mwambo uthyoke, uthyoke mbali imodzi: iwo andiyang'ane, ine ndisawayang'ane.

Ndinaponda phazi limodzi kutsogolo n'kuima. Palibe chinamveka. Ndinaimabe. Mwadzidzidzi ngowe inati ngwe, ndipo thabwa loyamba linalira pamwamba pa mutu wanga. Ndinapondanso. Lachiwiri linalira.

Munthu wamantha safuna chete, ndiye ndinayamba kulankhula chilichonse chobwera pakamwa. Ndinawauza kuti chaka choyamba nditafika, kutsokomola kwawo pakhomo kunkandidetsa nkhawa, mpaka ndinauza mwana wanga kuti awatengere kuchipatala akawayeze chifuwa. Ndinamva akuseka, mawaya onse n'kugwedezeka, ndipo ndinawakalipira kuti aseke akafika. Ndinawauza kuti ndimawamva m'mamawa akamavalira majombo panja kuti asandidzutse. Ndinawauzanso kuti akazi a kumudzi akamadandaula za akamwini awo pafoni, ine ndimangokhala chete, poti ndilibe choonjezera. Zimenezi sindinaganize kuti ndidzazinena, zinangotuluka, mwina chifukwa ndinkalankhula ndi mitengo ya kutsogolo kwanga.

Mutu ndinauimika chilili kuti mpango uzioneka bwino, choncho pansi sindinkaonapo. Tili cha pakati, mawu anatsika kuchokera kumwamba, osanjenjemeranso, mawu a mwamuna wa pakhomo.

"Amayi, samalani, patsogolo panupo pali muzu."

Ndinaima n'kuyang'ana. Muzu unalipodi, waukulu, ukanandigwetsa chafufumimba. Ndinaulumpha bwinobwino, ndipo apo m'pamene mtima wanga unakhala pansi. Munthu amene akuona muzu wa mnzake, ndiye kuti mantha ake amusiya pang'ono. Pa matabwa otsalawo, apongozi sanandidikirenso. Anandipitirira pamwamba, ndipo pamene ndimafika pa mtengo winawo, iwo anali ataima kale pa nsanja. Mtsikana uja anaomba m'manja, anthu odikira aja nawonso. Ine ndinabwerera kudengu langa. Posakhalitsa ndinamva waya wautali uja ukulira, fyiii, mpaka kutsidya.

Pa chakudya apongozi anakhala kuseri kwa mtengo ngati kale, mbale yawo payokha. Mkazi wawo atafunsa chimene anachedwera, anati kunali mzere. Ine ndinangosenda mbatata. Koma mdzukulu atapempha kuti abwerezenso, amene anayamba kudzuka n'kumanga chisoti anali bambo ake. Mwana wanga ndinadzamuuza zonse mawa lake pochokera kutchalitchi, ndipo anagwira pakamwa mpaka kufika kunyumba.

Lolemba silinkatha. Ndinasesa pabwalo kawiri, n'kuchapa zovala zoyera kale. Dzuwa litapendeka ndinamva chipata, kenako kutsokomola kawiri. Ndinalowa kuseri kwa nsalu. Pansi pa nsaluyo ndinaona majombo akuda aja, atamatirira timaluwa ta jakaranda ndi utuchi.

"Auzeni amayi kuti ndakwera," anatero kwa mkazi wawo. "Mitengo itatu. Bwana akuti mawa tipitirize."

Mwana wanga asanatembenuke n'komwe, ndinayankha ndekha kuseri kwa nsaluko. "Ndamva, apongozi. Mwachita bwino."

Mpaka lero sitidyera pamodzi, ndipo amatsokomolabe pakhomo. Akuluakulu a kwathu akadzamva nkhaniyi mwina adzati ndinalakwa, ndipo ndidzawamvera ndithu mpaka amalize. Koma mpango wofiira uja sindiuvalanso wamba. Ndimauvala Lamulungu, ndiponso tsiku limene ndamva kuti kuntchito kwawo kuli mitengo yaitali.