Tsiku Limene Adzukulu Anakana Kukumba

Chinali chaka cha 1958, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, pamene ndinaponda kumanda koyamba. Sindinapite kukalira. Ndinapita kukakumba.

Tinkakhala kufupi ndi Tsangano, kwawo kwa amayi. Abambo anali mkamwini. Atabwera ku Joni, kumene anagwira ntchito m'migodi zaka zisanu ndi zinayi, anamanga nyumba yamalata pamtunda n'kuizinga ndi mpanda wa nkhadze. Kumowa sankapita. Kolimitsana m'minda sankapita. Uthenga wa maliro ukafika, ankatuma ine kukanena kuti atanganidwa ndi mbatatesi. Anthu anawapatsa maina: wodzipatula, wamatama, wosachezeka. Ine ndinkayesa ndi maina aulemu. Ndinayamba kuyenda ngati iwo, manja kumbuyo, moni n'kumayankha ndi mutu.

Olowa mumpanda mwathu anali amalume a Jemusi okha, mlongo wawo wa amayi. Amenewo ndiwo ankatchedwa wansangala, wochezeka, munthu wa anthu. Ankamwa tiyi wa abambo, n'kumaseka mpaka kumveka kudambo. M'mudzimo munalinso a Lufeyo, osula makasu. Iwo anthu ankawati wamsunamo, chifukwa tsiku linkatha osatsegula pakamwa. Ankawaika mumtanga umodzi ndi abambo.

Mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa, mlongo wanga Esinati anamwalira ndi chikuku. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. M'mawa adzukulu, amuna okumba manda, anabwera ndi makasu awo, koma anakhala pansi pa msuku m'mbali mwa njira. Mkulu wawo anatumiza mawu akuti bambo wa mwanayu sakumudziwa, sanamuonepo pamaliro a munthu aliyense. Ngati alipo, abwere ndi nkhuku m'manja, apepese anthu akuona.

Amayi anagwada pamaso pa abambo. Nkhuku tinali nazo zambiri. Abambo anavala nsapato zawo za kumgodi.

"Ndakumba pansi pa Joni zaka zonsezi. Dzenje la mwana lingandikanike? Iwe, tenga khasu."

Nthaka ya mu Juni ndi mwala. Khasu linkadumpha, mizu inkakana. Dzuwa lili paliwombo, dzenje linali litangofika m'mawondo. Ndikadzutsa mutu ndinkaona adzukulu pansi pa msuku paja, pakati pawo amalume a Jemusi, atayang'ana kumbali. Kenako chifuwa chimene abambo anabwera nacho kumgodi chinawagwira. Anatsokomola mpaka kulavula magazi padothi lofiira, n'kukhala pansi pambali pa dzenje. Sanaitane munthu. Ndinatsala ndekha. Matuza anaphulika m'manja, mpini n'kumaterereka. Kumudzi kunkamveka amayi akulira dzina la Esinati.

Ndinangoona chithunzithunzi cha munthu pamwamba panga. Anali a Lufeyo.

"Tuluka. Muno si mwa ana."

Anangonena zomwezo. Analowa ndi khasu losula okha, n'kukumba mpaka dzuwa kulowa. Anyamata awiri mwa adzukulu aja anawatsatira mwamanyazi, ena onse anabwerera kwawo. Maliro anagonanso m'nyumba, ndipo m'mawa amayi ena ankatentha masamba pakhomo kuti fungo lisamveke. Tinamuika Esinati opanda nyimbo zokwanira. Abambo sanathokoze a Lufeyo. A Lufeyo sanadikire kuthokozedwa.

Amayi sanalankhulenso ndi abambo. Mvula isanagwe, akuchikazi anasudzula abambo. Amene anayankhula mawuwo, mwaulemu wonse, anali amalume a Jemusi. Abambo anatsikira kwawo ku Bwanje ndi sutikesi imodzi, ndipo chaka chotsatira tinamva kuti chifuwa chija chawatenga. Amene anawakumbira manda sindimudziwa.

Chiyambireni matipate ndikuona mipanda yanjerwa ikuchuluka. Mnyamata ukamufunsa chifukwa chimene sanaonekere pamaliro, amati ndi ufulu wake. Sindikangana naye. Zidzukulu zanga nazonso zimanditcha wosachezeka, ndipo sizinama. Nthabwala sindizitha. Koma palibe manda m'mudzi muno amene khasu langa silinapondeko, kufikira msana unandikaniza. Lero ndimapitabe, n'kukhala duu pafupi ndi okumba.

Zimene ndikudziwa ndi izi. Kusalankhula si kudzipatula. Kuseka ndi anthu si kukhala nawo. Maina amenewa timapatsana pamowa, koma amayesedwa pamanda.

Nkhuku imodzi ikanakwana. M'malo mwake tinataya ulemu wa maliro a Esinati, banja la amayi, abambo, ndi sukulu yanga, imene inathera Sitandade 4. Nyumba yamalata ija inagwa. Nkhadze zokha zilipobe.